Nyimbo mwailoweza koma sikumveka ngati ya Sinatra: pomwe pamakhala vuto

Dandaulo lake limakhala limodzimodzi. Munthu wakonda kayimbidwe ka akatswiri akale a ku America, a mtundu wa Bing Crosby, Nat King Cole ndi Frank Sinatra, aja amatchedwa ma crooner. Wasankha nyimbo, wailoweza, noti sakuphonya ngakhale imodzi. Koma akadzijambula pafoni n'kumvetsera, amamva mtsogoleri wa kwaya akulengeza za chikondi kwa mpingo wonse. Ena amawonjezera kuti ikangokwana nyimbo yachitatu pakhosi pamayamba kuwotcha, kukacha mawu asasa. Amapumula sabata, zimaoneka ngati zatheka, koma akangokweranso pa siteji vuto lija labwerera.

Ine ndinadutsamo. Ndinakulira m'kwaya, mzere wa tenala, m'tchalitchi cha malata chopanda sipika. Kumeneko woyimba bwino anali amene mawu ake amafika kwa agogo a pa benchi yomaliza ngakhale mvula ikumenya denga. Tsiku langa loyamba kuyimba nyimbo ya mtundu uwu pagulu linali pa madyerero a ukwati. Ndinagwira maiki patali n'kutsegula chifuwa monga ndinazolowera. Ndinaona mnyamata wa pa mikisa akuthamangira kukatsitsa, ndipo kamwana kena ka patebulo lakutsogolo kanatseka makutu ndi manja onse awiri. Pa nthawi yopuma, bambo wachikulire amene ankayimba kiyibodi anandikokera pambali. "Mphwanga," anatero, "mkazi ukumuyimbirayo wakhala pambali pako. Ukumukuwiranji ngati ali kutsidya kwa mtsinje?"

Funso limenelo lili ndi mbiri yake. Chisanafike chaka cha 1925 nyimbo zinkajambulidwa popanda magetsi. Woyimba ankaima kutsogolo kwa chinthu chonga lipenga lalikulu, ndipo mphamvu ya mawu ake ndi imene inkagwedeza singano yolemba pa phula. Wa mawu ochepa analibe mwayi. Mu 1925 makampani a Victor ndi Columbia anayamba kujambula ndi maikolofoni yamagetsi, wailesi nayo inali ikulowa m'nyumba za anthu. Zinatheka tsopano kuyimba motsitsa, ngati ukulankhula ndi munthu mmodzi, koma n'kumveka dziko lonse. Liwu loti croon limanena za kuyimba monga achitira mayi pogoneka mwana. Si onse anakondwera nazo. Mu 1932 Kadinala William O'Connell wa ku Boston anadzudzula poyera kuti ndi kayimbidwe konyozeka komwe mwamuna weniweni sangachite. Anthu anamva, n'kupitiriza kugula malekodi a Crosby.

Tsono kayimbidwe aka kanabadwa pamodzi ndi maiki. Ntchito yofikitsa mawu kutali ndi ya magetsi, si yanu. Zambiri zimene kwaya inatiphunzitsa kuti timveke kumbuyo kwa tchalitchi, pano zimasanduka katundu.

Musanayambe kukonza chilichonse, yesani izi. Pemphani munthu akhale pafupi nanu, poti mutha kumugwira phewa. Muwerengereni mizere inayi yoyamba ya nyimbo ngati nkhani wamba, osayimba. Kenako iyimbeni osakweza mawu kuposa pomwe munali. Ngati mwakwanitsa ndipo mawu akutuluka oyera, kukhosi kwanu kulibe mlandu, vuto lili pa nthawi kapena pa maiki, ndipo mutha kudumphira kumunsi. Koma ngati pa noti zotsika mawu akusanduka mpweya wokhawokha, kapena pa zokwera mukukakamizika kukuwa, yambirani pa kiyi.

Kiyi si yanu

Ambiri amaphunzira potsatira lekodi kapena karaoke ya pa YouTube, ndiye amalandira kiyi ya mwini nyimbo ngati lamulo la boma. Crosby anali ndi mawu otsika ndithu. Sinatra ndi Cole anali a baritone, pakati pa tenala ndi bezi. Inu ngati ndinu tenala, noti zawo zapansi kwa inu ndi chitsime chakuya. Chimene thupi limachita ndi kukankhira kholingo pansi, kubweza lilime kumbuyo, chibwano n'kuchitsamiritsa pachifuwa kuti mawu amveke achikulire. M'mutu mwanu zimakoma zedi, chifukwa mumadzimva kudzera m'mafupa. Kwa omvera zimamveka ngati mukuyimbira mu mtsuko. Kuwotcha kwa pakhosi kuja nthawi zambiri kumachokera pamenepa.

Gwirani pakhosi mopepuka ndi zala ziwiri, munene "mwadzuka bwanji" monga mumanenera kwa aneba m'mawa. Pomwe kholingo lili pamenepo ndiye pakwawo. Yambani kuyimba zala zili pomwepo. Likatsika mwamphamvu, kapena kukwera ngati mukumeza nsima, kiyi ikulimbana nanu. Kokerani liwu lomaliza la moni yemweyo mpaka mulipeze pa kiyibodi, ndipo sunthani nyimbo kuti noti yake yotsikitsitsa isapite kutali kwambiri pansi pa pamenepo. Makiyibodi ambiri ali ndi batani la transpose, lokweza kapena kutsitsa kiyi, ndipo woyimba piyano wodziwa ntchito sadandaula mukamupempha kiyi ina, bola mumuuze lisanafike tsiku. Kukweza nyimbo ndi masitepe awiri kapena atatu si chamanyazi. Chet Baker, woliza lipenga amene anayambanso kuyimba m'zaka za m'ma 1950, anali ndi mawu opepuka ndi okwera moti ena pomumva koyamba amayesa ndi mkazi. Sanapite kukabwereka kukhosi kwa Crosby.

Mbali inayo kulinso dzenje. Munthu akauzidwa kuti asiye kukuwa, amayamba kunong'ona. Kunong'ona kumataya mpweya, kumawumitsa pakhosi, ndipo pa sipika kumamveka ngati tayala la njinga likuphwa. Mvetserani Nat King Cole ndi mahedifoni. Mawu ake ndi ofewa, komatu ndi odzaza, ali ndi fupa mkati. Njira yowapezera mawu oterewa tili nayo kale pakamwa. Ndi "mmm" uja timanena pomvetsera munthu wamkulu akufotokoza nkhani yaitali. Nenani "mmm" ameneyo mpaka mumve milomo ndi mphuno zikunyerenyesa, kenako tsegulani pakamwa pang'onopang'ono akhale "maa" osasintha kukula kwake. Mphindi zisanu tsiku lililonse musanakhudze nyimbo. Kunyerenyesako kukasowa, dziwani kuti mwabwereranso ku kunong'ona kapena ku mtsuko uja.

Mpweya ukuthera pakati pa mzere

Kuyimba motsitsa kumafuna kuti muugwire mpweya mwaluso kuposa kukuwa. Pokuwa mumangotsegula mpopi. Apa mukuthira madzi m'botolo la kamwa laling'ono.

Sinatra analowa bandi ya Tommy Dorsey mu 1940 ndipo anakhalamo mpaka 1942. Dorsey ankaliza lipenga lotchedwa trombone, ndipo amatha kukoka mzere wautali ngati munthu wosapuma. Sinatra ankakhala kumbuyo kwake akuyang'anitsitsa jekete kuti aone pomwe msana ukufufuma, mpaka anadzazindikira kuti mkuluyo amaba mpweya pang'ono pakona pa milomo. Iye anayamba kuthamanga ndi kusambira pansi pa madzi kuti alimbitse mapapo. Musathamangire kudziwe nokhanokha kukayesa zimenezo, kugwira mpweya pansi pa madzi kwamiza ngakhale odziwa kusambira. Chotengapo ndi chimene ankafunafuna: kuti chiganizo chifike kumapeto kwake chisanadulidwe.

Tengani pepala, mulembe mawu a nyimbo ndi dzanja ngati kalata, osati m'mizere ya ndakatulo. Iwerengeni mokweza ndipo muchonge ndi pensulo pomwe munthu wolankhula angapumire. Mudzaona kuti malo ena pomwe nyimbo ikuoneka ngati yaima, chiganizo chikupitirira, ndipo malo ena pakati pa mzere pali kampata koti n'kubapo mpweya. Pumirani pa zochonga zanuzo basi. Oyamba kumene amapuma pomwe mapapo afuna, ndiye amadula liwu pakati, kapena kulekanitsa "ndimaku" ndi "konda".

Chachiwiri, lekani kudzaza chifuwa mpaka mapewa kukwera. Mpweya wochuluka umakankha kuti utuluke, ndipo kukhosi kumalimba pofuna kuutsekera. Ikani manja pa nthiti zam'munsi, muzimve zikutambasuka chammbali, kenako tulutsani "sss" wosasinthasintha mukuwerenga mumtima mpaka 20, nthiti zisagwe msanga. Zikazolowereka onjezerani. Pokoka mpweya tsegulani kukhosi ngati mukuyamba kuyasamula kuti ulowe mwakachetechete, popeza maiki ili pafupi ndipo imatola kubanika kulikonse.

Zonse zili m'malo mwake, koma nyimbo yauma

Apa ndi pomwe ambiri amakhalitsa, ndipo ine ndinakhalapo nthawi yaitali kuposa pena paliponse. Kiyi yakonzedwa, mpweya ukukwana, mawu ndi ofewa, koma nyimbo ikuyenda ngati asilikali pa perete.

M'kwaya, kulowa mochedwa ndi mlandu. Anthu makumi atatu amayenera kugwera pa liwu limodzi nthawi imodzi, ndipo mphunzitsi amakuyang'ana ndi diso lofiira ukatsalira. Crooner amachita dala chimene kwaya imaletsa. Bandi ikugunda mosasunthika, iye amayamba mzere mochedwerako pang'ono, amakokera liwu limene likumukhudza, n'kufulumira pa timawu tosafunikira kwenikweni, kenako n'kukumana ndi bandi pomwe gawo likuthera. Crosby zambiri za kayendedwe aka anatengera kwa Louis Armstrong, ndipo Sinatra ankanena poyera kuti amene anamuphunzitsa kwambiri pongomumvetsera anali Billie Holiday, mayi amene amatsalira kumbuyo kwa biti mpaka umayamba kumudera nkhawa, koma osasochera.

Musanayambe kuchedwa, muyenera kudziwa pomwe nthawi ili. Ikani lekodi ya swing (jazi wa mabandi a nthawi ya oyimba awa) yothamanga pakatikati, muwerenge mpaka 4 mobwerezabwereza, ndipo muwombe m'manja pa 2 ndi pa 4, osati pa 1 ndi pa 3. Zala zimene mumaona oyimba awa akuthyola zimagwera pamenepo. Poyamba manja amakana, amabwerera okha pa 1. Limbikirani mpaka thupi lizipeza lokha. Khutu lanu likhale pa woliza bezi, amene amayenda noti imodzi pa kugunda kulikonse, osati pa malipenga.

Dziwaninso mamangidwe a nyimbo. Zambiri za nthawi imeneyo zili ndi ma bar 32 (bar imodzi ndi kuwerenga kuja kwa 1 mpaka 4) ogawidwa panayi, gawo lililonse ma bar 8: gawo loyamba, kulibwereza, gawo lapakati losiyana, n'kubwerera ku loyamba. Malire a magawo amenewa ndi masiteji a basi. Pakati pa ulendo mutha kutsalira kapena kutsogola, koma pa siteji mupezekepo.

Tsopano yesani motere. Yimbani gawo loyamba ndendende monga linalembedwera, liwu lililonse pamalo pake, mpaka litakutopetsani. Kenako imirirani muziyenda m'chipinda, phazi limodzi pa kugunda kulikonse, ndipo mzere woyamba wokha muuyambe phazi litaponda kale. Mapazi asasinthe liwiro. Mukaona kuti mapazi akudikira pakamwa, ndiye kuti simukusewera ndi nthawi, mwangoitaya. Ine ndinkachita zimenezi pakhonde madzulo, mpaka aneba anafunsa akunyumba ngati zonse zili bwino.

Cholakwika chimene chimabwera munthu akangolawa kukoma kwa kuchedwa ndi kuchedwa paliponse. Mzere uliwonse ukatsalira mofanana, zimamveka ngati woyimba wadutsira ku bawa. Pa mizere inayi, umodzi kapena iwiri ndi yokwanira, ndipo musankhe chifukwa cha zimene mawu akunena. Ndipo muwachenjeze a bandi kuti asakutsatireni. Woyimba kiyibodi wozolowera kutchalitchi ali ndi mtima wabwino, akamva mwatsalira amakudikirani, inu n'kutsaliranso, iye n'kudikiranso, mpaka nyimbo imafera m'manja mwa nonse awiri.

Lilime lathu pa Chingelezi chawo

M'Chichewa pafupifupi phatikizo lililonse limathera ndi a, e, i, o kapena u. Ndiye pakamwa pamafuna kumalizitsa liwu lachingelezi mwanjira yomweyo, love n'kukhala "lavu", night n'kukhala "naiti". Polankhula zilibe kanthu. M'nyimbo kachidutswa kowonjezerako ndi noti yatsopano imene wolemba sanaike, ndipo imasokoneza swing yonse. Jambulani mzere umodzi, mumvetsere mathero a mawu okha. Tsekani liwu pa lembo lake lomaliza, milomo kapena lilime zikhale pomwe zafikira, kapena mulilumikize ku liwu lotsatira ngati likuyamba ndi lembo lotsegula pakamwa.

Chinanso, ife timapatsa maphatikizo onse ulemu wofanana, kupatula kukokera lachiwiri kuchokera kumapeto. Chingelezi chili ndi maphatikizo olemera ndi ena ongodutsapo. Timawu monga the, of, and musatipatse mpando wapamwamba. Za l ndi r musazinyalanyaze, popeza pa maiki yapafupi kusinthanitsa kumamveka msanga, koma musachite kupinda lilime mokokomeza kuti mumveke ngati wa ku New York. Matt Monro anali dalaivala wa basi ku London asanatchuke, ndipo anayimba nyimbo za mtundu uwu mwaulemu wake osadzisandutsa Mmereka.

Tilinso ndi mwayi womwe sitiudziwa. Zilembo zathu zisanu zotsegula pakamwa ndi zoyera, zosasakanikirana, zofanana ndi za Chitaliyana zimene aphunzitsi a kuyimba amazikonda. Pa liwu ngati night kokerani "aa" woyera, "i" abwere pomaliza penipeni. Komanso mvetserani momwe Sinatra amakhalira pa m, n ndi l, kuziyimba ngati noti. Munthu amene amanena "m'mudzi" ndi "m'nyumba" tsiku lililonse safunika kuphunzitsidwa kukhala pa m.

Za kunjenjemeretsa mawu sindichulutsa. Yambani noti yaitali mowongoka, kunjenjemera kubwere kokha chakumapeto. Ngati mukukupanga pogwedeza nsagwada kapena mimba, kusiyeni, noti yowongoka ndi yabwino kuposa yogwedezedwa ndi dzanja. Kutsetserekera ku noti kuchokera pansi nakonso ndi mchere. Dean Martin amakuthira kwambiri ndipo zimamukhala, koma inu mukachita pa liwu lililonse anthu adzaganiza kuti mukumuseka.

Kunyumba zimatheka, pa siteji zimabwerera

Ichi ndi chifukwa chake vutoli limaoneka ngati silitha. M'chipinda mwanu mumadzimva bwino. Pa siteji pali ng'oma, gitala, anthu akucheza, mafoloko akulira m'mbale. Munthu akasiya kudzimva amakweza mawu osadziwa, monga timachitira polankhula pafupi ndi chigayo. Pofika nyimbo yachiwiri, tenala wa kwaya uja wadzuka.

Mankhwala ake si kukhosi, ndi sipika imene imayang'ana kwa inu, monitor. Fikani msanga, ndipo poyesa zida muyimbe motsitsa monga mudzayimbire, osati kukuwa kuti muonetse mphamvu. Mukakuwa poyesa, wa pa mikisa amakutsitsani, ndipo usiku wonse mudzakhala mukulimbana ndi mlingo umene munadziikira nokha. Mupempheni mwaulemu kuti akweze mawu anu mu monitor ndi kuchepetsa reverb, kuwirikiza kwa mawu ngati m'phanga, chifukwa ikachuluka imakubwezerani kutsidya kwa mtsinje kuja. Wa ng'oma ngati ali ndi mabulashi, agwiritse ntchito amenewo m'malo mwa timitengo.

Maiki imene mungaipeze pafupifupi paliponse ndi ya mtundu wa Shure SM58 kapena yofanana nayo. Maiki zoterezi zimakometsa mawu apansi mukayandikira. Kunenepa kwa mawu kumene munkakufuna pokankhira kholingo pansi, maiki imakupatsani ulere. Pa mizere yofewa ikhale patali ngati zala ziwiri kapena zitatu kuchokera pamilomo. Noti ikamakwera ndi kukula, italikitseni pang'onopang'ono, n'kuibweza mzere ukamatha. Ipendekeni pang'ono kuti mpweya wa p ndi b udutse pambali, apo ayi sipika idzaphulika pa liwu lililonse. Musafumbate mutu wake, zimenezo zimatseka mawu ndi kuitana kulira kwa sipika. Dziwaninso kuti mafoni ambiri amadzikwezera ndi kudzitsitsira okha pojambula, ndiye amakubisirani zolakwa za mtundu uwu. Ngati kutchalitchi kwanu kapena kwa mnzanu kuli kamikisa, bwerekani ola limodzi ndi mahedifoni, mumve momwe kusuntha dzanja pang'ono kumasinthira mawu.

Wina adzakuuzani kuti fodya ndi kachasu wa azungu ndi zimene zinkapereka mawu amenewa, popeza pa zithunzi zakale onse ali ndi ndudu m'manja. Nat King Cole ankasuta kwambiri ndipo ankakhulupirira kuti fodya amakometsa mawu ake. Anamwalira ndi khansa ya m'mapapo mu February 1965 ali ndi zaka 45. Imwani madzi tsiku lonse, osati pokwera siteji pokha, makamaka nyengo ya fumbi. Tiyi wa jinja, mandimu ndi uchi amatonthoza pakhosi koma sakonza kayimbidwe kolakwika. Ngati mawu asasa kupitirira masabata atatu ngakhale mwapumula, pitani kuchipatala akakuoneni kukhosi, musamangosintha mankhwala a chifuwa.

Pamatsala anthu ochepa amene zonsezi azikonza, koma omvera akamatuluka amangoti "amayimba ngati Sinatra", ndipo zathera pomwepo. Tony Bennett ankakonda kufotokoza kuti mphunzitsi wake anamuletsa kutsanzira oyimba anzake, n'kumuuza kuti atsanzire oliza zida. Iye anasankha Art Tatum wa piyano ndi Stan Getz wa saxophone. Ngati mwafika pamenepa, lekani kumvetsera woyimba amene mumamukondayo kwa mwezi wathunthu. Sankhani nyimbo imene simunamumvepo akuyimba, muiphunzire pa kiyibodi noti ndi noti, kenako mumvetsere momwe woliza saxophone amaiyendetsera popanda mawu. Lembani kalata ija ndi dzanja, ndipo pamwamba pake mulembe dzina la munthu weniweni amene mukumuuza zimenezo. Pepala langa loyamba ndikadali nalo m'chikwama cha zingwe za maiki, lodzaza zochonga za pensulo, ndipo dzina lili pamwamba ndinalifufuta ndi chala kuopa a bandi.